Kamwala ka mu Impso pa Nsalu Yosuluka

Ine madzi ndinkawaopa. Osati a mumtsinje kapena a m'chitsime, koma a m'kapu, akumwawa. Ndipo sindinali ndekha. Amayi tonse amene tinkakwera lole ya chipani kupita kokavina tinkawaopa chimodzimodzi, kungoti ine ndinkachita kunyadira nazo.

Zinali zaka za m'ma 1970, nthawi ya chipani chimodzi. Amuna anga anali mphunzitsi pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Lobi, ndipo tinkakhala m'nyumba ya sukulu ndi ana athu atatu. Ine ntchito yanga inali ya kumunda ndi kudimba, chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Tsoka langa linali mawu. Mulungu anandipatsa mawu okwera, oti ndikaimba m'tchalitchi anthu a kutsogolo ankacheuka. Amayi a tcheya, amene ankatsogolera amayi a chipani m'dera lathu, atangondimva Lamulungu lina, nkhani inathera pomwepo. Ndinakhala woyambitsa nyimbo pa chimtali chathu, ndipo palibe anandifunsa ngati ndikufuna.

Lole ija ikanyamuka sinkaima. Dalaivala anali ndi nthawi yake, ndipo mayi wamkulu sakanagogoda galimoto n'kuuza mwamuna wachilendo kuti akufuna kupatukira kuthengo. Kubwalo nako zimbudzi zinali zowerengeka, mzere wake wautali, komanso woyambitsa nyimbo sachoka pakati. Ndiye tinapeza nzeru yathu. Tsiku loti mawa ndi ulendo tinkasiya kumwa. Kukhosi kukauma tinkatafuna mtedza wokazinga wothira mchere, kapena kunyambita kamchere kuti malovu abwere. Kuno ku Dedza mwezi wa Juni ludzu silivuta, kuzizira kumalibisa, moti munthu umatha kuswera ndi kapu imodzi ya tiyi osadandaula. Ine ndinafika pozolowera, ngakhale masiku opanda ulendo. Ndinkadzudzula ndi atsikana omwe: "Iwe, tula kapuyo, ukatichititsa manyazi pamsewu."

Sabata imodzi ndisanadwale, pakamwa panga panandilakwitsa. Tinali kukonzekera zikondwerero za mu Julaye, chimanga chili mbwee pabwalo chosalowa m'nkhokwe, ndipo amayi a tcheya analengeza kuti tsopano tiziyeserera masiku anayi pa sabata. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinabadwa choncho. Ndinangomva mawu atuluka okha.

"Kodi ana athu adzadya nyimbo?"

Ng'oma zinali zitasiya kale kulira, ndiye aliyense anamva. Amayi a tcheya anali munthu wamfupi, wojintcha, wosafulumira kuyankhula. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwati bwanji, amayi aphunzitsi? Sindinamve."

"Ndati tiyambe nyimbo."

"Ndimayesa," anatero.

Masiku amenewo mawu ngati amenewo ankalowa m'buku. Tinali titaona nyumba za anthu a mpingo wina zikuyaka chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Pa sukulu pathu pomwepo mphunzitsi wina anatengedwa m'kalasi choko chili m'manja, ndipo mkazi wake ndi ana anatulutsidwa m'nyumba ya sukulu sabata isanathe. Anthu ankanong'ona kuti iye sanalakwe kanthu, koma mkazi wake ndiye anayankhula zinazake pachitsime. Sindinawauze amuna anga zomwe ndinanena. Anazimva okha tsiku lotsatira, ndipo sanadye chakudya chamasana.

Ululu unandipeza Lachiwiri, pakati pa nyimbo, pabwalo la mpira la sukulu. Unayambira kumsana, mbali ya kumanja, pansi penipeni pa nthiti. Poyamba ndinayesa kuti ndaphinya mnofu povina. Kenako unagwira zolimba, n'kutsika chozungulira m'mbali kulowera kumunsi kwa mimba. Ndabereka ana asanu m'moyo wanga, ndipo ndikunena poyera kuti ululu wa tsiku limenelo unaposa onsewo. Pobereka umadziwa chimene ukuvutikira. Apa ndinagwada, ndinaimirira, ndinagona chammbali paudzu, koma panalibe kakhalidwe kamene kankandipatsa mpumulo. Thukuta linatuluka kunja kukuzizira. Kenako ndinasanza pamaso pa amayi onse.

Ndili chigonere ndinamva mawu a amayi a tcheya pamwamba panga. "Matenda ake odziwa kusankha tsiku."

Amuna anga anandikweza panjinga n'kumaikankha mpaka ku chipatala chaching'ono cha mishoni. M'njira ululu unkabwera n'kumapita. Ukaleka ndinkachita manyazi, n'kumaganiza kuti mwina ndachita kukokomeza. Ukabwerera ndinkaluma chitenje.

Amene tinkawatcha adokotala anali bambo wachikulire, wa imvi, amene analibe makina aliwonse kupatula kachipangizo komvetsera pachifuwa ndi galasi loonera tizilombo. Anandigogoda pang'ono kumsana pansi pa nthiti, ndipo ndinatsala pang'ono kuwamenya mbama. Anandipatsa kabotolo kuti ndikakodzeremo. Ndinalimbana nako nthawi yaitali, kufuna ndikufuna koma kotuluka n'kochepa, kowotcha. Zimene ndinabweretsa zinali zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Anaunika kabotolo kaja pawindo, n'kuyeza pagalasi lawo. "Muli magazi umu. Thupi silinatenthe, ndiye ndi bwinoko. Mayi, mumamwa makapu angati a madzi pa tsiku?"

Amuna anga ndiwo anandiulula.

"Ndikuganiza kuti muli ndi mwala mu impso," anatero adokotala, "ndipo wayamba ulendo wotsika."

"Mwala? Ine nyemba ndimasankha bwino, bambo. Sindinamezepo mwala."

Anaseka pang'ono. Anandifunsa ngati ndinayang'anapo m'ketulo imene imaphitsa madzi tsiku ndi tsiku, zoyera zokakamira pansi zija. Anati impso zimasefa mchere ndi zotsalira zina m'magazi, ndipo madzi akachepa zinthuzo zimagwirana n'kuuma, pang'ono ndi pang'ono, mpaka kukhala kamwala. Kakakhala mu impso kamangoti phee. Kakalowa m'kanjira kopapatiza kopita kuchikhodzodzo, ndiye zimene zinandigwetsa pabwalo zija.

Anandibaya jakisoni wa ululu, n'kundipatsa mapiritsi. Anati ndizimwa madzi mpaka mkodzo uyere, kapu pambuyo pa kapu, ndipo ndiziyendayenda, osangogona. Anandichenjeza kuti thupi likatentha, kapena ndikayamba kunjenjemera, kapena mkodzo ukasiyiratu kutuluka, tisadikire kuti kuche bwino, tithamange, chifukwa pamenepo impso ikhoza kuwonongeka ndipo adzanditumiza ku chipatala chachikulu kukajambulidwa, mwinanso kukang'ambidwa. Chomaliza, anati nthawi iliyonse ndizikodzera pa kansalu kopyapyala kuti kamwalako kakatuluka kasatayike.

Amuna anga anapempha kalata yopita kwa a chipani. Adokotala anatseka chitseko kaye asanayankhe.

"Kalata ndilemba, aphunzitsi. Koma ine mwalawo sindinauone. Ndingolemba kuti ndikuganiza. Amenewo 'ndikuganiza' samuwerenga." Anatembenukira kwa ine. "Ukatuluka musautaye, mayi. Kalata yeniyeni ndi imeneyo."

Ananena zoona. Kalata inapita Lachitatu m'mawa, ndipo madzulo ake yankho linabwera ndi mayi wina woimba ng'oma. Lole inyamuka Loweruka, ulendo wa masiku asanu. Amene dzina lake lili pamndandanda koma osapezeka pa lole, dzinalo lipita kuboma, ndipo akafotokoza yekha kumeneko. Mayiyo ananena izi ataima pabwalo, osafuna ngakhale kukhala pansi.

Ndinamwa madzi masiku amenewo ngati ng'ombe. Ndinaika mtsuko pafupi ndi khomo, kapu pamwamba, ndipo ndikadutsa ndinkamwa, ndi mseru womwe. Madzi a mu Juni amalasa mano, choncho ndinkawafunditsa pamoto. Ndinang'amba thumba lakale la ufa n'kupanga tinsalu tinayi tosefera. Ndinkapita kubafa, kusefa, kuyang'ana, kutsuka, kuyanika. Panalibe kanthu. Nkhungu inagwa, kamvula kowaza kosaleka, ndiye tinsalu tija ndinatisamutsira pachingwe cha pakhonde.

Lachinayi ululu unabweranso kawiri. Kachiwiriko ndinakwawira kuchipinda, ndipo nditagona pansi ndinaona kachikwama kunsi kwa bedi. Ululu utaleka ndinakatsegula. Munali bulangete, sopo, malaya amodzi ndi korona yopempherera. Amuna anga anali atalongedza za kundende.

Atabwera kuchokera kukalasi ndinawaponyera kachikwamako kumapazi.

"Ichi n'chiyani?"

"Amake mwana, tsitsani mawu."

"Mwandiweruza kale? Mukuyesa ndikunama inunso?"

"Sindinatero." Anakhala pabedi, manja ali pamaondo. "Koma bwanji mutangopita? Mukamwe mapiritsi, mukangoima kumbuyo, mukatsegule pakamwa. Masiku asanu okha."

"Masiku asanu opanda madzi. Munawamva adokotala. Mukufuna ndikabwere m'bokosi kuti inu mupitirize kuphunzitsa masamu a teburo la seveni?"

Mawu amenewo ndimawamvera chisoni mpaka lero. Iwo anatola kachikwama, anapinda bulangete bwinobwino, n'kukabwezera kunsi kwa bedi. Ndinawakwiyira chifukwa cha mantha awo, chonsecho amene ndinawabweretsera manthawo ndinali ine. Ndinapita pamtsuko n'kumwa makapu awiri ndikulira.

Lachisanu m'mawa, cha m'ma naini, anabwera. Amayi a tcheya anali patsogolo, pambuyo pawo mlembi wa nthambi ya chipani, bambo wamtali wa magalasi amene sankasiyana ndi buku lake lachikuto chakuda. Amuna anga anawaona ali m'kalasi, n'kusiya ana kubwera chothamanga. Tinawatulutsira mipando pakhonde chifukwa cha kamvula, ndipo ndinawapangira tiyi. Mlembi anakhala ndendende pansi pa chingwe chokhala ndi tinsalu tanga.

"Mukuoneka bwinotu, amayi aphunzitsi," anatero mlembi. "Mukuyenda, mukuphika."

"Ululu wake umabwera n'kumapita, bambo."

"Ee, tamva. Umabwera tsiku la gule, umapita tsiku lokolola." Anatsegula buku. "Ife sitikakamiza munthu. Tikungofuna yankho loti tilembe. Mawa mukwera kapena simukwera?"

Amuna anga anayamba kufotokoza za impso, mwaulemu wonse, akuwerama ngati mwana wa sukulu. Mlembi sankawayang'ana n'komwe. Ine ndinali nditakhala pamphasa, ndipo ndinamva kuti china chake chasintha. Kumsana kunali kutapepuka kuyambira m'mawa. Tsopano kunali kumunsi, kulasa ndi kuwotcha, ndi kufuna kukodza koti sindikanatha kudikira mphindi imodzi.

Ndinayang'ana tinsalu tija. Tinali pamwamba pa mutu wa mlembi. Mayi wolera ana sangaimirire n'kutambasula dzanja pamutu pa mlendo wamwamuna kuti athothole nsalu ya kubafa. Ndinapepesa, ndinalowa m'nyumba, ndinapisa dzanja m'thumba la nsanza limene linkakhala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, n'kutulukira khomo la kumbuyo. Chimene ndinagwira chinali kansalu kotuwa, kopyapyala. Sindinakayang'ane.

Pano ndiyenera kufotokoza za kansaluko. Nsalu ya chipani, yokhala ndi nkhope ya Pulezidenti, tinkagula yatsopano ikatuluka. Yakale inali vuto. Kuitaya sungaitaye, kuiwotcha sungaiwotche, kupukutira mbale ndiye usayerekeze. Ambiri ankangoipinda pansi pa sutikesi mpaka njenjete zithane nayo. Ine, posafuna kuwononga, chaka chapitacho ndinali nditadula m'mphepete mwa yanga yakale n'kuzigambira zovala za ana. Chapakati, pamene panali nkhope, ndinachipinda chotembenuza n'kuchibisa m'thumba la nsanza, ndipo ndinaiwala. Inali itasuluka moti ikauma sinkaoneka chilichonse.

Kubafa kuja ndinamva kuwawa kumodzi kwakuthwa, kenako zii. Ndinayang'ana pakansalu. Kanalipo. Kanthu kofiirira, kosakwana ndi njere ya chimanga yomwe, kokhala ndi timinga ting'onoting'ono mbali zonse. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ndinathira madzi a m'beseni kuti kayere, ndinakulunga kansalu m'dzanja, n'kuthamanga kuzungulira nyumba. Ulemu wonse uja ndinauiwala. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, kuti bulangete lija lituluke m'chikwama.

"Nawu mwala wanu!" ndinakuwa. "Mumati ndikunama, nawu!"

Ndinagwada patsogolo pa amayi a tcheya n'kutambasula kansaluko padzanja langa.

Nsalu yosuluka ikanyowa, mtundu umabwerera. Mayi aliyense wochapa amadziwa zimenezo, ndipo inenso ndinkadziwa. Nkhope ija inali itatulukira yonse, maso, mphuno, kolala ya jekete. Kamwala kanga kanali kali pa tsaya.

Amayi a tcheya anaona. Amuna anga, amene anaima kumbuyo kwawo, anaona, ndipo ndinamva choko chikuthyoka m'dzanja lawo. Mlembi anali chapatali pang'ono. Anali atavula magalasi kuti apukute nthunzi ya tiyi, ndipo tsopano ankawabwezera kumaso akudzuka pampando.

Sindinathe kufumbata dzanja. Ndinangouma. Ndinaona nyumba ya sukulu itakhomedwa, ana anga ali pamsewu ndi mitolo, ndipo zonsezo zinali padzanja langa lomwe.

Dzanja la amayi a tcheya linagwa pa langa mwamphamvu, phwa, ngati akundimenya.

"Mulibe mwambo inu?" anakalipa. "Zinthu za kubafa pamaso pa abambo? Munakulira kuti? Bambo mlembi, tayang'anani uko kaye, izi n'zachizimayi."

Mlembi anatembenuka msanga, akutsokomola. Amayi a tcheya anakutumulira kamwala m'sosala ya tiyi, ndipo kanalira kuti ngwe. Kansalu konyowa kaja anakakulunga n'kukasomeka m'chiuno mwawo, mkati mwa chitenje. Anapukuta dzanja pa ntchafu n'kupereka sosala kwa mlembi.

Iye anakagwedeza ndi nsonga ya cholembera. "Kameneka? Kanthu kochepa chonchi n'kugwetsa munthu wamkulu?"

"Mlongo wanga anatulutsapo kotere," anatero amayi a tcheya. "Anagona sabata ziwiri. Lembani kuti akudwala."

Analemba. Anamaliza tiyi wake, anatsanzika, n'kutsika pakhonde. Amayi a tcheya anatsalira pang'ono. Anangondiyang'ana, dzanja lawo lili pachiuno pamene panali kansalu, kenako anamutsatira mlembi.

Amuna anga sanabwerere kukalasi tsiku limenelo. Tinakhala pakhonde kudikira galimoto ya apolisi. Lole inanyamuka Loweruka popanda ine, inabwerako, ndipo galimoto imene tinkadikira sinabwere. Koma kansalu kanali kwa amayi a tcheya, ndipo tinkadziwa kuti chinthu chotere sichiwola.

Kamwala ndinapita nako kwa adokotala. Anakayang'ana, anagwedeza mutu, n'kundibwezera m'kabotolo. Anati amene watulutsa umodzi akhoza kupanganso wina, ndiye madzi akhale mnzanga moyo wonse, kaya kukuzizira kaya ayi. Mchere ndichepetse, mtedza wa mchere uja ndisiye, ndipo ndikapeza mandimu ndizifinyira m'madzi. Anati chondiuza zoona si ludzu, koma mtundu wa mkodzo, ukayamba kuda ndiye kuti ndatsalira. Ndinamvera zonse, ndipo mwala sunabwerenso.

Pakamwa panga napo panachira. Sindinayankhenso amayi a tcheya mokhadzula. Akati masiku anayi, ndinkafika oyamba. Akati nyimbo yatsopano pofika mawa, ndinkaipeka ndikupalira. Akayandikira n'kugwira pachiuno, ine ndinkakumbukira kansalu kaja, ngakhale mwina ankangomanga chitenje. Ndinkadana nawo, ndipo ndinkawamwetulira.

Chimodzi chokha ndinalimba nacho mtima. Pa ulendo wotsatira ndinakwera lole ndi chigubu cha madzi. Titayenda ndithu ndinawayang'ana amayi a tcheya n'kunena kuti ndikufuna kutsika. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anadzuka n'kugogoda okha padenga la dalaivala. Lole inaima, ndipo amene tinatsika sindinali ndekha, tinali amayi oposa theka. Kuyambira pamenepo zigubu zinachuluka, ndipo lole yathu inkadziwika kuti ndi yochedwa. Ndinkaganiza kuti akundisunga bwino chifukwa cha mawu anga, monga mmene munthu amasamalira ng'ombe ya pangolo.

Patapita zaka zinayi amuna anga anapatsidwa mwayi wokakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina cha ku Mayani. Ankaufuna udindo umenewo kuyambira ali mnyamata. Nkhani itamveka, amayi a tcheya anatipeza potuluka m'tchalitchi.

"Ndamva mukusamuka, aphunzitsi. Musatithawe. Kumeneko kuli anthu ena, makutu ena."

Kunyumba tinawatembenuza mawu amenewo mbali zonse, ndipo mbali zonse ankatanthauza chimodzi. Amuna anga analemba kalata yokana, n'kunamizira thanzi langa. Anaphunzitsa Sitandade 4 pa sukulu yomweyo mpaka kupuma. Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Kachikwama kaja kanakhala kunsi kwa bedi zaka zonsezo, ndipo ankasintha sopo akauma n'kung'aluka. Titasamukira kumudzi atapuma ntchito, kanasamuka nafe. Anamwalira kutatsala chaka chimodzi kuti zipani zambiri zibwere, ndipo ine kachikwamako sindinakakhudze.

Zinthu zitasintha, amayi a tcheya anangokhala mayi wokalamba wa miyendo yotupa, amene anthu ankamulambalala pamsika. Nditamva kuti adwalika, ndinapita. Sindinapite chifukwa cha chifundo, ndisaname. Ndinkafuna kansalu kanga.

Ndinawapeza pamphasa padzuwa, kuseri kwa nyumba. Tinalonjerana, tinakamba za mvula ndi za miyendo. Kenako ndinafunsa mosazungulira.

"Amayi, kansalu kaja munakasunga kuti?"

Anandiyang'ana ngati sanamve. Kenako anaseka, kuseka kopanda mphamvu.

"Kusunga? Ndinakaponya m'chimbudzi cha sukulu tsiku lomwelo. Ndinamuuza mlembi kuti atsogole, m'mimba mwandipotokola. Sindinafike nako ndi pamsewu pomwe."

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu.

"Zaka zonsezi? Bwanji osandiuza? Mawu amodzi okha, amayi!"

"Ndikuuzeni inu? Ndi pakamwa panupo?" Anayesa kudzuka, n'kulephera. "Taganizani. Inu munalakwitsa ndi ululu. Ine ndinaona ndi maso anga, ndinanamiza mlembi, ndinabisa, kenako ndinaponya nkhope ija m'chimbudzi ndi dzanja langali. Mlandu waukulu unali wa yani? Amene ankadziwa munali inu ndi amuna anu. Tsiku lililonse ndinkati, mayi uja akadzapsa mtima, adzazinena pachitsime."

"Nanga za ku Mayani? Munati tisakuthaweni."

"Ndinkaopa. Ndinkati mukakafika kwa anthu achilendo mudzamasuka, mudzaikamba ngati nthabwala. Kuno ndinkakuonani tsiku ndi tsiku, mtima unkakhala pansi." Anapuma kaye. "Kodi simunakane chifukwa cha matenda anu? Ndinamva choncho ine."

Pambali pawo panali kapu yopanda kanthu, milomo yawo itauma mpaka kung'aluka. Ndinapita kumtsuko wawo, ndinatunga, ndinawadzutsa mutu n'kuwamwetsa. Anamwa theka n'kukankha kapu.

"Malizani," ndinatero. Ndinawakalipira ndithu, ndipo anamaliza.

Kumanda kwathu sikupitidwa wamba, choncho ndinalibe koti ndikawauze amuna anga. Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo, ndinagwada, n'kukoka kachikwama kunsi kwa bedi. Zipi inali itachita dzimbiri, ndinachita kuidula ndi mpeni. Sopo anali atang'aluka pakati. Korona ndinaika m'thumba la diresi langa. Bulangete lija ndinalichapa, n'kuliyanika pachingwe cha kutsogolo, poonekera aliyense wodutsa.